Ligi yathu ya pa foni, mbuzi, ndi fainolo imene sinathe



Ena mwa inu amene mwalowa kumene mu ligi yathu ya pa foni mwakhala mukufunsa chifukwa chake pa mndandanda wa akatswiri chaka cha 2022 chili ndi maina awiri, pomwe zaka zina zonse zili ndi dzina limodzi. Ena akuti panali chinyengo, ena akuti tinaopa akuluakulu. Popeza ndine amene ndimasunga kope la zotsatira, ndaona kuti ndilembe nkhani yonse pano kuti manong'onong'o athe. Amene mpira wa ku America simuudziwa musathawe, ndifotokoza pang'onopang'ono ngati ndili mu Fomu 1.

Masewerawa anatibweretsera ndi mnyamata wa Peace Corps amene ankaphunzitsa nafe sayansi. Mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, bungwe lawo linabweza anthu ake onse kwawo, sukulu zathunso n'kutsekedwa pa 23 mwezi womwewo. Mnzathuyo anachoka mothamanga, osadya n'komwe nkhuku yotsanzikana. Chaka chotsatira anatilembera uthenga ali kwawo ku Ohio kuti tiyambe ligi yoti tizichezerapo mlungu uliwonse. Tinavomera ndi mtima wofuna kucheza naye basi, chifukwa mpira woumbika ngati papayawo palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaugwirapo.

Umu ndi momwe zimayendera. Palibe amene amavala nsapato kupita pabwalo. Aliyense amakhala ndi timu yongoyerekeza, koma osewera ake ndi anthu enieni a mu ligi ya NFL, imene ili ndi matimu 32. Nyengo isanayambe timasankha osewera mosinthana, uyu mmodzi, uyo mmodzi, ndipo amene watengedwa watengedwa. Mlungu uliwonse timu yako imakumana ndi ya mnzako, ndipo chimene osewera ako achita pa mabwalo a ku America chimasanduka mapointi. Mu ligi yathu, akathamanga ndi mpira mayadi 10 ndi pointi imodzi. Yadi ndi yochepera pang'ono pa mita. Akawakha mpira woponyedwa ndi pointi imodzi. Akalowa nawo kumapeto kwa bwalo, chigoli chimene eni ake amati touchdown, ndi mapointi 6. Woponya mpira, amene amatchedwa quarterback, amapeza pointi imodzi pa mayadi 25 alionse ndi mapointi 4 akaponya mpira wachigoli. Timakumana choncho kwa masabata 14. Kenako matimu 6 apamwamba amalowa m'ndime ya chipulula m'masabata a 15, 16 ndi 17. Wagonja wanyamuka.

Si zachilendo ayi. Anayambitsa ndi Wilfred Winkenbach, mmodzi mwa eni timu ya Oakland Raiders, pamodzi ndi anzake awiri, ali pa hotela ina ku New York mu 1962, ndipo ligi yawo yoyamba inasankha osewera mu 1963. Nthawi imeneyo ankawerengera pamanja kuchokera mu nyuzipepala. Amene mumasewera Fantasy Premier League, dziwani kuti agogo ake ndi amenewa.

Mu 2022 tinalipo khumi: aphunzitsi asanu ndi mmodzi, ana athu akale atatu, ndi mnzathu wa ku Ohio. Matimu tinawapatsa maina a malo akuno kwathu, ngati Mtunthama, Santhe, Chinkhoma, Wimbe ndi Chulu. Yanga inali Lifupa. Za ndalama tinakana chifukwa juga imadanitsa anthu, ndiponso mphunzitsi wotchova juga alangiza mwana wa yani? M'malo mwake tinasonkha n'kugula kambuzi mu Seputembala, nthawi imene alimi ali kalikiliki ndi nazale za fodya. Aphunzitsi a zaulimi anakasunga m'khola mwawo, pangano n'kukhala lakuti katswiri adzatenga mbuziyo mu Januwale itanona.

Tsopano za osewera. Woyamba kusankha anali aphunzitsi a Chichewa a timu ya Chulu, ndipo anatenga Jonathan Taylor wa Indianapolis Colts. Aliyense akanachita zomwezo, poti mu 2021 mnyamatayu anathamanga mayadi 1,811, kuposa wina aliyense. Koma mu 2022 kakolo anamuvuta, anaphonya masewero angapo, ndipo sanafike ndi theka lomwe la mayadi aja. A Chulu anathera pansi pa tebulo akung'ung'udza m'miyambi. Amene anatsogola pothamanga chaka chimenecho anali Josh Jacobs wa Las Vegas Raiders ndi mayadi 1,653, munthu amene tinamulumpha kangapo tsiku losankha. Jamaal Williams wa Detroit Lions, amene timu ya Wimbe inamutola chakumapeto ngati chotsalira, anathamangira zigoli 17. Patrick Mahomes wa Kansas City Chiefs anaponya mayadi 5,250 ndi mipira yachigoli 41. Ine ndinali ndi mnzake amene ankawakha mipira imeneyo, Travis Kelce, ndipo anandinyamula pamsana mpaka ndime ya matimu anayi, kumene ndinakatsikira.

Koma timu imene inatiopsa tonse inali Mtunthama ya akulu a dipatimenti ya masamu. Bambowa sankasankha ndi mtima. Ankabwera ndi mapepala odzaza ndi ma avareji, ndipo anapeza anthu awiri amene anasokoneza chaka chonse: Jalen Hurts, quarterback wa Philadelphia Eagles amene ankaponya komanso kuthamangira yekha zigoli, ndi Justin Jefferson wa Minnesota Vikings, amene anamaliza nyengo atawakha mipira 128 ya mayadi 1,809. Pa masabata 14, Mtunthama inagonja kawiri kokha. Mu stafu rumu mbuzi ija tinayamba kuitchula ndi dzina lawo, eni akenso n'kumadutsa pakhola kukaiona ngati ikudya bwino.

Kumunsi, pa nambala 6, kunalowa Santhe, yopambana 7 ndi kugonja 7. Mwini wake ndi mwana wathu wakale, mtsikana amene tsopano ndi namwino. Ankasintha osewera ali pa ntchito ya usiku, nthawi zina netiweki ikumukana. M'timu mwake munali Mike Evans wa Tampa Bay Buccaneers, amene chigoli anali atachiona komaliza m'sabata ya 4. Tinamuuza kangapo kuti amutaye. Iye ankangoyankha kuti, "Aphunzitsi, wodwala sitimuthamangitsa pa bedi chifukwa wachedwa kuchira."

Chipulula chitayamba, zinthu zinatembenuka. Pa 18 Disembala, Hurts anavulala phewa ku Chicago ndipo sanasewere masabata a 16 ndi 17, enieni aja amene a Mtunthama ankamufuna. Anapulumukabe m'ndime ya matimu anayi chifukwa Jefferson anasewera ngati wamisala. Santhe nayo inadutsa kawiri movutikira. Fainolo n'kukhala ya nambala 1 ndi nambala 6, mphunzitsi ndi mwana wake wa m'kalasi.

Lamulungu pa 1 Januwale 2023, ife tikugwetsa maso ndi kutopa kwa chaka chatsopano, Tom Brady, ali ndi zaka 45, anakumbukira kuti Mike Evans alipo. Posewera ndi Carolina Panthers, Evans anawakha mipira 10 ya mayadi 207 ndi zigoli zitatu. Tiwerengere limodzi: 10, kuphatikiza 20.7, kuphatikiza 18, ndi mapointi 48.7 munthu mmodzi. Usiku womwewo ku Green Bay, Jefferson anamangidwa miyendo ndi otchinga a Packers. Anawakha mpira umodzi wokha wa mayadi 15, ndiye kuti mapointi 2.5. Katswiri wa chaka chonse anasowa pa tsiku limodzi lokhalo lofunika, amene anagona miyezi itatu n'kudzuka tsiku lomwelo.

Komabe nkhani inali isanathe. Santhe inkatsogola ndi mapointi 26, osewera ake onse atamaliza. Mtunthama inatsala ndi awiri, Ja'Marr Chase ndi Joe Mixon a Cincinnati Bengals, amene ankayenera kusewera ndi Buffalo Bills Lolemba usiku, pa 2 Januwale. Anthu awiriwa tsiku labwino mapointi 26 amawadutsa, tsiku loipa safika. Kuno kwathu masewerowa ankayamba cha m'ma 3 koloko m'bandakucha wa Lachiwiri, ndipo angapo tinatchera alamu.

Chigawo choyamba chisanathe, Bengals ikutsogola 7 kwa 3, wotchinga wa Bills dzina lake Damar Hamlin, wa zaka 24, anagwetsa Tee Higgins monga amachitira nthawi zonse. Anadzuka, kuima pang'ono, kenako anagwa chagada. Mtima wake unaima. Achipatala a timu anathamangira pabwalo n'kuyamba kumukanikiza pachifuwa, anamugunda ndi makina odzutsira mtima, ambulasi n'kumutengera ku chipatala cha University of Cincinnati. Osewera a mbali zonse anagwada akulira. Mnzathu wa ku Ohio, amene ndi wotsatira Bengals chibadwire, anangolemba kuti tipemphere. Pa foni manambala anaima pamene anali. Pa 5 Januwale akuluakulu a NFL analengeza kuti masewerowo sadzapitirizidwanso, ndipo zochepa zimene zinachitika usiku umenewo sizinalowe m'kaundula.

Ndiye mbuzi ndi ya yani? Sindibisa, mkangano unalipo, ngakhale unayamba mwamanyazi. Mbali ina inkati fodya wako ndi amene ali pamphuno: Santhe mapointi ili nawo m'manja, a Mtunthama ndi a m'maloto. Mbali ina inkati simungaimbe wezulo yomaliza wina asanamenye mapenate ake. Ena anati tiwerenge masewero a sabata ya 18, ena anati titenge avareji ya Chase ndi Mixon ya chaka chonse. Akulu a masamu anaiwerengadi avarejiyo, ndipo inkawakomera pang'ono, koma iwo eni anakana kuigwiritsa ntchito. Anati, "Avareji ikanakhala kuti imasewera mpira, bwenzi Jefferson atandipatsa mapointi 20 Lamulungu."

Namwino wathu anakhala chete masiku awiri. Atalankhula, za mbuzi sanazitchule. Anafunsa kuti, "Aphunzitsi, mwana atagwa chonchi pa bwalo la sukulu yathu Lachisanu masana, ndani pakati panu angadziwe chochita?" Palibe amene anayankha. Ife tikudziwa chimene chimachitika: wina amathamangira madzi kudzamuthira, wina amamukupiza ndi juzi, wina amapita kukasaka galimoto kapena kabaza. Pomwe iye anatiuza kuti mtima ukaima, ubongo umayamba kuonongeka patangopita mphindi zochepa, galimoto isanalizidwe n'komwe. Madokotala a Hamlin pambuyo pake ananena kuti chinamugwetsa ndi kugundidwa pachifuwa pa kamphindi kolakwika ka kagundidwe ka mtima. Zoterezi zikhoza kuchitika ndi chigongono kapena mpira wolimba pa bwalo lililonse, ngakhale la fumbi. Ambiri tikukumbukira Marc-Vivien Foé wa Cameroon amene anagwa n'kumwalira ku Lyon mu Juni 2003, ndi Christian Eriksen wa Denmark amene anagwa ku Copenhagen mu Juni 2021 koma anapulumuka chifukwa thandizo linafika pompo.

Tinagwirizana motere. Maina onse awiri alembedwe. Mbuzi iphedwe, tidye tonse. Ndipo tsiku lodya mbuzilo namwino aphunzitse aphunzitsi a zamasewero ndi makaputeni a matimu a mpira wamiyendo ndi wamanja chochita munthu akagwa. Linali Loweruka, mvula ikuwaza, fodya m'minda ali m'mawondo. Anabwera ndi chidole cha kuchipatala chobwereka. Anatiphunzitsa kuti ngati munthu sakuyankha ndipo sakupuma bwino, wina aitane thandizo, wina agwade pomwepo, aike dzanja pamwamba pa linzake pakati pa chifuwa, n'kukanikiza mwamphamvu masentimita 5 kapena 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka mpaka thandizo lifike. Akulu a masamu anagwada pa simenti, mwana amene anamuphunzitsa ma equation akuwauza kuti, "Wongolani zigongono, Sir." Anawongola.

Kuyambira nthawi imeneyo pali zinthu ziwiri zimene ndakhala ndikuziganizira, ndipo zonse zikukhudza ntchito yathu ya choko.

Choyamba ndi cha sabata limodzi. Kodi timu yabwino mu 2022 inali iti? Aliyense wachilungamo anena kuti Mtunthama. Kodi imene inkatsogola pa tsiku lowerengera inali iti? Santhe. Mafunso awiriwa ndi osiyana, ndipo chipulula chimayankha lachiwiri lokha. Ngakhale mu NFL momwemo zimachitika. New England Patriots inapambana masewero onse 16 a nyengo ya 2007, n'kudzagonja 17 kwa 14 ndi New York Giants mu Super Bowl ya mu Febuluwale 2008. A kampani ya EA Sports chaka ndi chaka amayerekeza Super Bowl pa kompyuta ndi gemu yawo ya Madden. Mu 2015 inalosera ndendende kuti Patriots ipambana Seattle Seahawks 28 kwa 24. Koma mu 2023 inati Eagles itenga chikho, Chiefs n'kupambana 38 kwa 35. Kompyuta inali ndi manambala onse a chaka, koma tsiku limodzi lili ndi zake.

Ife a ku Kasungu izi si zoti wina atiuze. Mlimi amayamba ndi nazale, kuokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha ndi kudinda, miyezi yoposa isanu ndi umodzi, ndipo mtengo wa belo lake ku Chinkhoma umadziwika m'kanthawi kochepa. Mwana wa Fomu 4 chimodzimodzi. Zaka zinayi zimakathera pa masabata ochepa a mayeso a MSCE, a MANEB n'kupereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, ife n'kuphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino. Sindikunena kuti mayeso athetsedwe. Lamulo limene aliyense akulidziwa asanayambe ndi labwino kuposa kukondera kwa munthu, ndipo malo ku yunivesite ndi ochepa, pafunika njira yosankhira. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chathu chotenga zotsatira za tsiku limodzi ngati chiweruzo cha munthu yense. Tonse tinaphunzitsapo Jefferson wathu, mwana wotsogola kuyambira Fomu 1 amene malungo kapena maliro zinamupeza m'sabata ya mayeso. Mwana ameneyo amafunika mphunzitsi woti amuuze kuti zaka zinayi zija zinali zenizeni, ndi kumuthandiza kulembetsanso. Nthawi zambiri ife timakhala tili kalikiliki kujambulitsa ndi amene apeza mapointi ochepa, iye n'kudutsa kuseri kwa ofesi osaonedwa.

Chachiwiri ndi cha anthu amene tebulo siliwaona. Travis Kelce, amene anandipatsa mapointi ambirimbiri, ali ndi mkulu wake Jason Kelce, amene nthawi imeneyo ankasewera pakati pa mzere wa Eagles. Ntchito yake inali kupereka mpira kwa Hurts ndi kukankha zimphona kuti mnzake adutse. Zigoli zambiri zimene Hurts anathamangira chaka chimenecho zinadutsa pamsana pa anthu a mumzerewo. Mu ligi yathu Jason Kelce anali ndi mapointi angati? Ziro, ndipo panalibe ngakhale malo omusankhira. Damar Hamlin nayenso panalibe pa mndandanda wa wina aliyense wa ife, poti otchinga timawatenga ngati gulu, osati mmodzimmodzi. Ambiri dzina lake tinalimva koyamba atagona pansi. Denny Kellington, mmodzi mwa osamalira osewera a Bills amene anamukanikiza pachifuwa, ndiye kaya. Usiku umenewo munthu wofunika kwambiri pa bwalo lonse anali woti palibe ligi yongoyerekeza imene imamuwerengera kanthu.

Mapointi sanama, koma amawerenga zokhazo zimene ife tinasankha kuwerenga. Pa lipoti la sukulu palibe bokosi la mtsikana amene amafotokozera anzake asanu masamu pansi pa mtengo aphunzitsi atapita, kapena mnyamata amene amapalasa njinga makilomita ambiri atayamba wathirira nazale ya makolo. Namwino wathu sanali m'gulu la ojambulidwa chaka chake. Anali wa pakati, wa makirediti abwinobwino, wosachita phokoso. Lero ndi amene anaona funso limene aphunzitsi asanu ndi mmodzi sitinalione.

Hamlin atatsitsimuka kuchipatala, madokotala anati chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene anafunsa, polemba papepala, chinali choti wapambana masewero ndani. Anachira, ndipo anabwerera pabwalo nyengo ya 2023. Ligi yathu nayo inapitirira. Tinangoonjezera lamulo limodzi m'kope, lakuti masewero enieni akathetsedwa m'sabata ya fainolo, onse awiri ndi akatswiri, osakambirananso.

Kwa aphunzitsi anzanga a m'sukulu zina, makamaka amene mumayang'anira zamasewero: pa chipatala chapafupi ndi inu pali namwino kapena dokotala, mwinanso mwana wanu wakale. Mupempheni Loweruka limodzi temu ino. Sizifuna ndalama za boma, zimangofuna mphasa, manja ndi ola limodzi. Ngati palibe mbuzi, ngakhale chimanga chootcha chikwana.

Kwa a mu ligi, tsiku losankha osewera ndidzalengeza pa gulu lathu monga mwa nthawi zonse. Gulani bandulo usiku wake, osati kumadzatipempha kuti tikudikireni. A Chulu, chaka chino siyani miyambi, bwerani ndi pepala.